Mwasamutsa sisitimu kupita pa purosesa ya mtundu wina, zinthu zaima: mufufuze pati?

Mwakopera pulogalamu kuchokera pa kompyuta yakale, fayilo mukuiona ndi maso anu, koma mukati muitsegule makina akukuyankhani kuti "No such file or directory". Kapena mwalowetsa flashi ya sisitimu yatsopano, mwayatsa, sikirini yangoti bii. Kapenanso pulinta imene yakutumikirani zaka ndi zaka yangokhala duu kuyambira tsiku lomwe munasiya Windows ya 32-bit. Mavutowa amaoneka ngati osiyana, koma gwero lake nthawi zambiri ndi limodzi, ndipo amabwereranso nthawi iliyonse munthu akachotsa sisitimu pa kamangidwe kena ka purosesa n'kuiika pa kena.

Kamangidwe ka purosesa ndi chilankhulo cha malamulo amene purosesayo imamva. Pulogalamu ikamangidwa, imamangidwira chilankhulo chimodzi basi. Cha x86 ya 32-bit chinayamba ndi Intel 80386 mu 1985. Mu 2003 kampani ya AMD inachikulitsa kufika pa 64-bit, Intel nayo n'kutsatira. ARM ndi banja lina lapadera, lomwe lili m'mafoni, mu Raspberry Pi, ndi m'makompyuta a Apple kuyambira pa M1 ya mu 2020.

Mayina ndiwo amayamba kuzunguza anthu. Mukaona i386, i686 kapena x86 yokha, akunena 32-bit. Mukaona amd64, x86_64 kapena x64, ndi chinthu chimodzimodzi, ndipo dzina la amd64 lisakupusitseni, fayiloyo imayendanso pa purosesa ya Intel. Ku mbali ya ARM, armhf ndi armv7l ndi za 32-bit, arm64 ndi aarch64 ndi za 64-bit. Taonani mmene amd64 ndi arm64 akufananira pa maso. Ine ndinakhalapo madzulo athunthu ndikulimbana ndi flashi imene vuto lake linali zilembo ziwiri zimenezi.

Funsani magawo anayi, lililonse palokha

Munthu akandifunsa kuti kompyuta yake ndi ya 32 kapena ya 64, ndimamufunsa kuti akunena gawo liti, chifukwa mayankho alipo anayi. Pali purosesa yeniyeniyo. Pali firmware, kapulogalamu ka m'bolodi kamene kamadzuka koyamba mukadina batani loyatsira, kaya ndi BIOS yakale kapena UEFI. Pali kernel, yomwe imagawa memori ndi kulankhula ndi zipangizo. Ndiye pamwamba pake pali mapulogalamu ndi malaibulale awo, timagawo ta kodi timene mapulogalamuwo amadalira. Anayiwa sikuti amafanana nthawi zonse ayi, ndipo pafupifupi vuto lililonse la m'nkhani ino limabadwa pamene awiri mwa iwo sakumvana.

Purosesa ya x86 ya 64-bit imanyamula kernel ya 32-bit popanda kudandaula. Kernel ya 64-bit imayendetsa mapulogalamu a 32-bit, bola malaibulale awo alipo. Koma kutembenuza sikutheka: wamng'ono sanyamula wamkulu. Pakati pa x86 ndi ARM palibe ubale uliwonse, pamafunika womasulira. Ndipo ma purosesa ena a ARM a 64-bit, kuphatikizapo a Apple, samvanso ARM ya 32-bit n'komwe.

Pa Linux, funsani chonchi:

```
grep -ow lm /proc/cpuinfo | head -1
cat /sys/firmware/efi/fw_platform_size
uname -m
getconf LONG_BIT
dpkg --print-architecture
```

Lamulo loyamba likabweza zilembo lm, purosesa ya x86 imeneyo imatha 64-bit. Lachiwiri limanena 32 kapena 64 za UEFI, ndipo likati fayilo kulibe ndiye kuti makina sanadzuke kudzera mu UEFI. Lachitatu likunena za kernel yokha. Awiri omalizawo ndi amene akunena za mapulogalamu.

Pa Windows pitani ku Settings, System, About, muwerenge mzere wa System type mpaka kumapeto. Uli ndi mbali ziwiri, ina ya sisitimu ina ya purosesa. Ukanena kuti "32-bit operating system, x64-based processor", makinawo angathe kusamuka. Pa Mac, About This Mac imalemba Chip pa makina a Apple ndi Processor pa a Intel.

Msampha waukulu uli pa uname -m, chifukwa anthu ambiri amaiyesa yankho lomaliza. Pa Raspberry Pi 4 yokhala ndi Raspberry Pi OS ya 32-bit, kernel imatha kukhala ya 64-bit. Ndiye uname ikuti aarch64, inu n'kudawuniloda pulogalamu ya arm64, n'kukana kuyenda, pomwe getconf ikanakuuzani kuti 32. Sikiripiti zambiri zoikira mapulogalamu zimagwa m'dzenje lomweli chifukwa nazonso zimangofunsa uname. Ngati simunakonzeke kusamuka, lembani mzere wa arm_64bit=0 mu config.txt, fayilo ya makonzedwe imene Pi imawerenga podzuka, muyatsenso, kernel ibwerera pa 32-bit n'kufanana ndi anzake. Pa Mac naponso uname imanama ngati teminolo yatsegulidwa kudzera mu Rosetta, womasulira wa Apple woyendetsa mapulogalamu a Intel pa ARM: imati x86_64 makina ali a ARM. Lamulo la sysctl -n sysctl.proc_translated likabweza 1, dziwani kuti muli mwa womasulira.

Flashi ikukana kudzutsa makina

Yambani ndi chochititsa manyazi: werenganinso dzina la fayilo imene munalemba pa flashi. Firmware ya x86 ikapeza sisitimu ya arm64 sinena kanthu, imangoidumpha ngati flashiyo ndi yopanda kanthu.

Ngati uthenga ndi wakuti "This kernel requires an x86-64 CPU, but only detected an i686 CPU", pali zifukwa ziwiri. Mwina purosesa ndi ya 32-bit yeniyeni, monga Pentium M, Core Duo ya mu 2006 kapena Atom N270 ya m'timalaputopu takale tija. Pamenepo palibe chochita, 64-bit siidzayendapo. Koma ngati uthengawu waoneka m'kati mwa makina oyerekeza ngati a VirtualBox, pulogalamu yoyendetsa kompyuta ina m'kati mwa kompyuta yanu, purosesa ilibe mlandu. Lowani mu BIOS muyatse VT-x pa Intel kapena AMD-V pa AMD, mutsimikizenso kuti popanga makinawo munasankha mtundu wa 64-bit.

Chovutitsa kwambiri ndi matabuleti ndi timalaputopu ta Intel Atom Bay Trail ta m'zaka za 2013 ndi 2014. Purosesa ndi ya 64-bit, koma UEFI yake ndi ya 32-bit. UEFI yotereyi imafuna fayilo ya bootia32.efi mu foda ya EFI/BOOT pa flashi, pomwe flashi zambiri za 64-bit zimangokhala ndi bootx64.efi. Windows ya 64-bit siingadzuke pa firmware imeneyi, musavutike nayo. Linux imatha, chifukwa GRUB, kapulogalamu kodzutsa Linux, ngakhale ikhale ya 32-bit ikhoza kudzutsa kernel ya 64-bit. Tsegulani flashi muone ngati bootia32.efi ilimo. Mukamaliza kuika sisitimu musafulumire kuchotsa flashi, onetsetsani kuti GRUB imene yalowa pa disiki ndi ya 32-bit, imene pa Debian ndi Ubuntu, mitundu ya Linux, ili mu pakeji ya grub-efi-ia32. Mukaiwala zimenezi, makina adzadzuka pa flashi koma pa disiki yake adzakana.

Palinso 64-bit yosakwanira. Red Hat Enterprise Linux 9 imafuna mlingo wa x86-64-v2, ndipo purosesa yakale imaima ndi uthenga wakuti "CPU does not support x86-64-v2". Pa makina oyerekeza, kawirikawiri mankhwala ake ndi kusintha mtundu wa purosesa kuti ukhale host, ndiye kuti purosesa yeniyeni ya makinawo, m'malo mwa wongoyerekeza wakale uja. Pa makina enieni, sankhani sisitimu ina.

Mabolodi a ARM ali ndi khalidwe lawolawo. Ambiri alibe UEFI, ndipo kernel imadalira fayilo ya device tree kuti idziwe zipangizo zimene zili pa bolodipo. Choncho mawu akuti arm64 okha sakukwanira. Funani sisitimu imene yapangidwira bolodi yanu ndi dzina lake.

Windows: kuchoka pa 32 kupita pa 64

Apa njira ndi imodzi, kuika mwatsopano. Palibe batani lokwezera Windows ya 32-bit kuti isanduke ya 64-bit mapulogalamu ali momwemo. Mukatsegula setup.exe ya 64-bit muli m'kati mwa Windows ya 32-bit, imakana, ndipo kukanako si chizindikiro chakuti flashi yaonongeka. Zimitsani makina, muwadzutse kuchokera pa flashi. Ngati flashiyo mukuipangira pa kompyuta ya 32-bit yomweyo ndi chida cha Microsoft, chotsani kachizindikiro kovomereza zimene chidacho chakusankhirani, apo ayi chikupatsani 32-bit inanso. Laisensi siisintha, Home imakhalabe Home, Pro imakhalabe Pro.

Chifukwa chosamukira ambiri amachidziwa: adiresi ya 32-bit imathera pa 4 GB, ndipo gawo lina la malowo limatengedwa ndi zipangizo, n'chifukwa chake makina a 8 GB amaonetsa kuti akugwiritsa ntchito 3 ndi pang'ono. Chifukwa china n'chakuti Windows 11 ilibe mtundu wa 32-bit, ndipo thandizo la nthawi zonse la Windows 10 linatha pa 14 Okutobala 2025.

Koma walira mvula walira matope. Madalaivala a 32-bit salowa mu kernel ya 64-bit zivute zitani, ndipo Windows ya 64-bit imafuna madalaivala osainidwa. Musanafufute kanthu, lembani zipangizo zonse zolumikizidwa, pulinta, sikana, makina oyezera zinthu, kakiyi ka laisensi ka pa USB, mufufuze chilichonse ngati chili ndi dalaivala wa 64-bit. Chimene chilibe, chatsala. Mapulogalamu a 16-bit a m'nthawi ya DOS ndi Windows 3.1 nawonso sayenda, ndipo chobisika n'chakuti mapulogalamu ena a 32-bit a m'zaka za m'ma 1990 ali ndi choikira cha 16-bit, ndiye amakanika pa khomo pomwe. DOSBox, pulogalamu yoyerekeza DOS, kapena makina oyerekeza ndiko kothawira.

Mukamasaka laibulale yosowa, dziwani nthabwala iyi ya Microsoft: foda ya System32 ndi imene imasunga mafayilo a 64-bit, ndipo a 32-bit ali mu SysWOW64. Anthu ambiri amakopera DLL, fayilo ya laibulale ya pa Windows, mu foda yolakwika chifukwa chokhulupirira dzina.

Debian ndi abale ake: kusintha sisitimu ili chiyendere

Debian imalola chinthu chimene Windows siilola. Kuyambira pa Debian 7 ya mu 2013, mapakeji a makamangidwe awiri amatha kukhalira limodzi, ndipo pogwiritsa ntchito mwayi umenewu munthu angathe kusandutsa i386 kukhala amd64 osafufuta disiki. Ofuna kutero achuluka chifukwa Debian 13 ya mu 2025 ilibenso kernel ngakhale choikira cha i386.

Maganizo anga ndi awa: ngati mungathe kuika mwatsopano, ikani mwatsopano. Sungani /etc, /home ndi mndandanda wochokera ku apt-mark showmanual, muike amd64 yoyera, mubwezeretse. Nthawi zambiri zimatha msanga kuposa njira inayi. Kusintha sisitimu ili chiyendere kuli ngati kusintha nsanamira za nyumba anthu ali m'katimo. Zimatheka, koma n'zoyenera pokhapokha makinawo ali ndi makonzedwe a zaka zambiri amene palibe akuwakumbukira.

Ngati mwatsimikiza mtima, konzekerani kaye. Pangani bakapu yathunthu. Khalani ndi flashi yopulumutsira ya amd64 pafupi. Ikani busybox-static, kapulogalamu kamene sikadalira laibulale iliyonse, kuti tsiku limene ls ndi cp zidzakane mudzakhale ndi pogwira. Kenako kwezani mapakeji onse afike pa mtundu waposachedwa. Ichi anthu amachidumpha, chonsecho ndi pamene pagona nkhani: laibulale ya i386 ndi inzake ya amd64 zimakhalira limodzi pokhapokha nambala ya mtundu wawo ikufanana ndendende. libc6 yanu ikatsalira ngakhale pang'ono, apt, chida choikira mapakeji, iyamba kupereka maganizo achilendo.

Kernel ndiyo imayamba:

```
dpkg --add-architecture amd64
apt update
apt install linux-image-amd64:amd64
```

Yatsaninso makina, musankhe kernel yatsopanoyo, muone kuti uname -m ikuti x86_64. Musapitirire isananene choncho. Mukaika dpkg ya 64-bit kernel ikadali ya 32-bit, mwadula nthambi imene mwakhalapo, chifukwa chida choikira mapakeji sichidzayendanso. Pamene mwafikapa ndi malo abwino opumira. Makina angathe kukhala chonchi masiku ambiri, ndipo kernel yakale ikadali mu GRUB ngati china chavuta.

Kenako zida zoikira mapakeji:

```
apt clean
apt --download-only install dpkg:amd64 tar:amd64 apt:amd64
dpkg --install /var/cache/apt/archives/*_amd64.deb
dpkg --print-architecture
```

Lamulo la dpkg --install likadandaula za mapakeji odalirana, libwerezeni, chifukwa ulendo woyamba ena amakhala asanakhazikike. Lomalizalo likati amd64, sisitimu yadziona kale ngati ya 64-bit ngakhale mapulogalamu ambiri akadali a i386.

Apa ndi pamene ine ndinapsa. Ndinkachita zimenezi kudzera pa SSH, njira yolowera m'makina muli patali, makina ali m'chipinda china chokhoma, kiyi ali ndi munthu amene anali ataweruka. Ndinalemba apt --fix-broken install, panatuluka mndandanda wodzaza sikirini, ndipo ine kutopa n'kungodina Y. Mizere inayamba kuthamanga, yonse yoyamba ndi "Removing". Ndinaona dzina la openssh-server likudutsa, mtima unangoti phwii, koma poti zenera langa linali lotsegulabe ndinadzilimbitsa mtima kuti ndikonza. Ndinaikanso SSH, osazindikira kuti pakeji yodzutsa netiweki nayo inali itapita. Nditayatsanso makina, kunangoti zii mpaka m'mawa. Mlandu sunali wa apt. Inandiuza zonse zimene ikufuna kuchita, ine sindinawerenge.

Chimene chimachitika n'chakuti apt ikaona pakeji ya i386 imene zodalira zake zasokonekera, njira yachidule kwa iyo ndi kuichotsa, osati kuisintha. Choncho werengani gawo la zochotsedwa nthawi iliyonse. Dzina lililonse lochotsedwa la i386 liyenera kukhala ndi mnzake wa amd64 pa zoikidwa. Likasowa mnzake, yankhani n, muike pakejiyo nokha ndi dzina lake lonse, monga apt install openssh-server:amd64. Yendani m'magulu ang'onoang'ono, kuyambira ndi bash, coreutils, systemd, za netiweki ndi SSH. Lamulo la dpkg -l | grep i386 likuonetsani otsala.

Perl imakonda kuvuta pakatikati. Ikasanduka ya 64-bit timagawo take tina tikadali ta 32-bit, debconf imagwa, ndipo popeza ndi chida chofunsa makonzedwe poika mapakeji, mapakeji ambiri amalephera kukhazikika ndi uthenga wa "wrong ELF class". Musachite mantha ndi kuchuluka kwa mizere yofiira. Pezani dzina la fayilo imene yatchulidwa, funsani dpkg -S kuti ndi ya pakeji iti, mudawunilode ya amd64 ndi apt download, muiike ndi dpkg --install, kenako dpkg --configure -a. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

apt update ikamadandaula za nkhokwe ina ya mapakeji kuti ilibe kamangidwe kanu, iuzeni poyera kuti ku nkhokwe imeneyo izifunako chiyani:

```
deb [arch=amd64] https://dzina-la-nkhokwe stable main
```

Pa Ubuntu kumbukirani kuti kwa zaka zambiri mapakeji onse a ARM ankasungidwa ku ports.ubuntu.com, osati ku archive.ubuntu.com, n'chifukwa chake pa mitundu ya nthawi imeneyo kuwonjezera arm64 pa makina a amd64 kumatulutsa mauthenga a 404, onena kuti fayilo siinapezeke, ambirimbiri.

Pa Raspberry Pi musayese n'komwe njirayi. Mapakeji a 32-bit amachokera ku nkhokwe ya Raspbian, a 64-bit ku Debian, ndipo nambala zawo sizigwirizana. Lembani khadi latsopano ndi Raspberry Pi OS ya 64-bit, imene inatuluka mwalamulo mu Febuluwale 2022 ndipo imayenda pa Pi 3, 4, 5 ndi Zero 2 W. Kuchoka pa x86 kupita pa ARM nakonso sikuchitika pa malo amodzi. Amenewo ndi makina ena, ndipo kuzula disiki uku n'kukailowetsa uko sikudzutsa kanthu.

Sisitimu yadzuka, mapulogalamu akukana

Mauthenga apa ndi ochepa, ndipo uliwonse uli ndi tanthauzo lake lenileni. Chida choyamba ndi lamulo la file lotsatiridwa ndi dzina la pulogalamuyo. Limakuuzani kuti inamangidwira purosesa iti.

"Exec format error" kapena "cannot execute binary file" akutanthauza kuti kernel yayang'ana fayilo n'kuona kuti chilankhulo chake sichimva. Pezani mtundu woyenera kapena mumangenso kuchokera ku kodi. Ngati palibe kuchitira mwina, qemu-user-static imamasulira, koma liwiro limatsika kwambiri.

"No such file or directory" pa fayilo imene ilipo ndiye wozunguza mutu uja. Fayilo imene ikusowa si pulogalamu yanu ayi. Pulogalamu iliyonse yodalira malaibulale ili ndi dzina la kachida koilumikiza nawo lolembedwa m'kati mwake. Ya x86 ya 32-bit imafuna /lib/ld-linux.so.2, ndipo pa sisitimu yoyera ya amd64 kachidako kulibe. Kernel imakasaka, osakapeza, n'kunena kuti fayilo palibe, osatchula kuti iti. Wonjezerani i386 ndi dpkg --add-architecture, muike libc6:i386, kenako ldd ikuuzani malaibulale ena otsala.

"wrong ELF class" amatanthauza kuti pulogalamu ya 64-bit ikuyesa kutsegula laibulale ya 32-bit, kapena mosemphanitsa. Sisitimu imodzi ingasunge mitundu iwiri, koma pulogalamu imodzi ikamayenda siingasakanize. Lamulo lomweli ndi limene limapha zowonjezera zakale za Office ndi madalaivala a ODBC pa Windows: ziyenera kufanana ndi pulogalamu imene ikuzitsegula, osati ndi sisitimu.

Pa Mac uthenga ndi "Bad CPU type in executable". Pa makina a M1 ndi otsatira ake, kawirikawiri ndiye kuti Rosetta 2 siinaikidwe, ndipo softwareupdate --install-rosetta imathetsa nkhaniyo. Koma pulogalamu ikakhala ya 32-bit palibe chithandizo, chifukwa macOS inasiya mapulogalamu otere pa Catalina mu 2019. Amene anasamutsa zinthu zawo kuchokera pa Mac ya Intel amapezeka ndi Homebrew, chida choikira mapulogalamu pa Mac, ziwiri, yakale mu /usr/local ndi yatsopano mu /opt/homebrew. Lamulo la which brew likuuzani imene ikuyankha. Yakaleyo ikakhala patsogolo, chilichonse chimene mukuika ndi cha Intel, ndipo tsiku lina zidzawombana.

Zambiri mwa zokanikazi zimabisala m'malo amene choikira mapakeji sichifikako. Mumakopera /home yonse poganiza kuti muli makalata ndi zithunzi zokha, chonsecho muli node_modules, malo a Python a venv, zosungidwa mu .cache, ndi timapulogalamu ta mu .local/bin. Zisakeni:

```
find /usr/local /opt ~ -type f -exec file {} + | grep "ELF 32-bit"
```

Ngati mwachoka pa x86 kupita pa ARM, sakani mawu a x86-64 m'malo mwake. node_modules ndi venv musazikonze, zifufuteni muzipangenso, ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Docker, chida cholongedza pulogalamu ndi zonse zimene imafuna mu kontena, imapusitsa anthu chifukwa amaganiza kuti kontena imayenda paliponse. Kontena imagwiritsa ntchito kernel ndi purosesa ya makina amene yakhalapo. Mukaimanga pa laputopu ya ARM n'kuitumiza ku seva ya amd64, imafa ndi "exec format error" isanachite kanthu. Pomanga nenani --platform linux/amd64, kapena mumangire makamangidwe onse awiri ndi buildx.

Pa Windows ya ARM, mapulogalamu wamba amamasuliridwa: Windows 10 inkamasulira a 32-bit okha, Windows 11 imamasuliranso a x64. Madalaivala samasuliridwa. N'chifukwa chake mapulogalamu ena a VPN, oteteza ku mavairasi ndi oletsa chinyengo m'masewera amakana, chifukwa amabwera ndi dalaivala wawo m'thumba.

Kanthu kena kakang'ono ka Raspberry Pi 5: kernel yake imagawa memori m'masamba a 16 KB m'malo mwa 4 KB, ndipo mapulogalamu ena a arm64 enieni amagwa chifukwa cha zimenezi. Mzere wa kernel=kernel8.img mu config.txt umabwezeretsa masamba a 4 KB.

Deta imene siisamuka pongoikopera

Zithunzi, makalata, nyimbo ndi mafayilo a SQLite sasamala za purosesa. Koma mapulogalamu ena amalemba pa disiki monga mmene zinthu zilili mu memori, ndipo kukula ndi kandandalikidwe ka manambala mu memori kamasiyana pakati pa makamangidwe.

PostgreSQL, pulogalamu yosungira deta, ndi yoyamba kuikumbukira. Foda yake ya deta yochokera pa 32-bit siitseguka pa 64-bit. Tulutsani zonse ndi pg_dumpall, mudzazilowetse pa sisitimu yatsopano. Mafayilo a RRD, amene zida ngati Munin ndi Cacti zimasungiramo ma girafu, amakana ndi uthenga wakuti "This RRD was created on another architecture". Njira yake ndi rrdtool dump ku mbali yakale ndi rrdtool restore ku mbali yatsopano. Taonani kuti zonse ziwirizi zimafuna kuti pulogalamu yakale ikhale ikuyendabe. Mukakumbukira mutafufuta kale, mudzayenera kudzutsa sisitimu ya kamangidwe kakale m'makina oyerekeza kuti mungotulutsa detayo.

Makina oyerekeza nawo ndi deta yomangiriridwa ku purosesa. Disiki ya Windows ya x86 imene inkayenda pa Mac ya Intel siiyenda mwachindunji pa Mac ya ARM, ndipo Boot Camp, njira yoikira Windows pa Mac ya Intel, kumeneko kulibe. QEMU ingaidzutse pomasulira lamulo lililonse, zokwanira kuti mutulutsemo mafayilo, osati kugwirirapo ntchito tsiku lonse.

Zonse zikuyenda koma mwaulesi

Mukaona makina atsopano akutentha kapena batire ikutha msanga, onani ngati pulogalamu imene mumaigwiritsa ntchito kwambiri siikudutsa mwa womasulira. Pa Mac, Activity Monitor ili ndi mzati wa Kind umene umalemba Apple kapena Intel. Pa Windows 11, Task Manager pa tsamba la Details ili ndi mzati wa Architecture, ndipo ngati sukuoneka mungauwonjezere. Nthawi zambiri mtundu woyenera ulipo kale, kungoti chida chosamutsira chinabweretsa wakale. Pa makina a memori yochepa, monga a 1 GB, dziwani kuti mapulogalamu a 64-bit amadya memori yochulukirapo chifukwa adiresi iliyonse imatenga mabayiti 8 m'malo mwa 4, ndiye ulesi wina ndi wa kusamuka komweko.

Disiki yakale kapena bakapu yake musaifufute sabata yoyamba. Ntchito zina zimadzuka kamodzi pa mwezi, monga za mu /etc/cron.monthly, malipoti a kumapeto kwa mwezi, kapena kukonzanso masatifiketi, ndipo kapulogalamu ka 32-bit kobisala m'menemo sikadziulula mpaka tsiku lake litakwana. Mwezi ukatha, pa Debian onaninso dpkg -l | grep i386. Ikabweza chopanda kanthu, ndipo simukufuna Wine, yoyendetsa mapulogalamu a Windows, kapena Steam ya masewera, zimene zimatha kufuna malaibulale a 32-bit, tsekani ndi dpkg --remove-architecture i386.